Owedza Nsomba mu Thames Amayendera Mwezi

Ku England, mtsinje wa Thames umadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, kucokera pa Teddington, kupyola mumzinda wa London, kufikira kunyanja yamcere. Si mvula imene icititsa zimenezi ai, koma mwezi. Mphamvu yake imakoka madzi a m'nyanja, ndipo iwo amakankha mtsinje kubwerera kumtunda.

Kuyambira Seputembala kufikira Novembala, pamene masamba ayoyoka m'mitengo, nsomba zazikulu zochedwa carp zimadya kwambiri pokonzekera cisanu. Ndiyo nthawi imene owedza amatsikira kugombe ndi nyambo ya cimanga cophika. Amamangirira mtovu wolemera kucingwe kuti mbedza isakokoloke, nadikira mphindi zija madzi aima asanatembenuke.

Koma wosadziwa nthawi ya madzi aika moyo wake pangozi. Pamene anaponda pouma m'mawa pangathe kukhala pakuya mamita angapo masana, matope nawonso atamgwira miyendo.

Carp ikagwidwa amaipima pa sikelo ndi kuibwezera m'madzi yamoyo. Ndiponso lamulo liletsa kuwedza nsombazi m'mitsinje kuyambira pa 15 Malichi kufikira pa 15 Juni, kuti ziswane mosasokonezedwa.