Ulendo wa Munthu Mmodzi Wokajambula Nyama za m'Chire

Masiku a makolo munthu akalowa m'chire la nyama anali kunyamula uta, nthungo kapena mfuti ya gogodela, ndipo pobwera a m'mudzi anali kuyang'ana cimene wasenza pa phewa. Makono kuli aulendo a mtundu wina. Iwowa anyamula kamera, nayenda masiku ambiri kufuna-funa nyama, koma akaipeza saiombera. Aijambula cithunzithunzi, naisiya ilikudya msipu wace. Ambiri a iwo ayenda m'magulu. Alipo ena owerengeka amene akonda kuyenda okha m'galimoto mwao, ndipo nkhani ino ndi ya munthu wotere, ndi zimene akomana nazo akafuna kuona nkhalango zitatu zochuka: ya Nyika m'Malawi, ya Luangwa m'Zambia ndi ya Hwange m'Zimbabwe.

Coyamba cimene munthuyo asankha ndico nyengo. M'dzinja udzu utalika, nyama zimwazika cifukwa madzi ali ponse-ponse, ndipo miseu ya dothi isanduka matope. Miyezi ya June ndi July pa Nyika pazizira kwambiri, kotero kuti m'mawa cisanu cimaoneka mbuu pa udzu. Mwezi wa October m'cigwa ca Luangwa mutentha koopsya. Cotero wofuna kuyendera malo onsewa pa ulendo umodzi acita bwino kunyamuka mu August kapena kuciyambi kwa September, pamene kuzizira kwacepa ndi kutentha kusanakule.

Akulu anati kuyenda awiri si mantha, ndipo woyenda yekha ayenera kuganizira mauwa asanatseke citseko ca nyumba yace. Galimoto ikatitimira mumcenga palibe womkankhira. Akadwala malungo palibe womgwirira ciongolero. Cifukwa cace anyamula matayala awiri apadera, jeke, fosholo, cingwe colimba, madzi akumwa a masiku angapo ndi mankhwala. Koma coposa zonsezi ndico kuuza munthu. Pa cipata ciri conse ca nkhalango alembetsa dzina lace, nanena kumene alinkupita ndi tsiku limene adzaturuka, pakuti foni ya m'manja sigwira m'malo ambiri a m'chire, ndipo munthu amene sanatsazike palibe amene adzamfuna.

Wopita ku Nyika adzaza petulo ku Mzuzu kapena ku Rumphi, osayembekeza kukampeza pamwamba pa phiri. Kucokera ku Rumphi mseu upita ku cipata ca Thazima, nukwera mokhota-khota kufikira ku Chelinda, mtunda wopitirira makilomita 100. Pa mapu mtundawu uoneka waufupi, koma ungadye theka la tsiku. Pena mseuwo utsata malire a Malawi ndi Zambia, pakuti kacigawo kakang'ono ka Nyika kali m'dziko la Zambia.

Munthu wozolowera chire la mitengo adabwa akafika pamwamba. Kumeneko kulibe misuku kapena mitondo yomcinga maso. Kuli zitunda za udzu waufupi zotsatizana kufikira kumene maso alekeza, ndi tinkhalango tobiriwira tobisala m'makwawa. Malo ambiri ali pamwamba kuposa mamita 2,000, ndipo nsonga ya Nganda, imene iposa zonse, ipitirira mamita 2,600. Nyika ndiyo inayamba kukhala nkhalango ya Boma yosungiramo nyama ya mtundu uwu m'Malawi, m'caka ca 1965. M'caka ca 1978 anaikuza, ndipo mabanja ambiri amene anali kukhala m'mbali mwa phirilo anasamutsidwa. Mlendo acita bwino kudziwa zimenezi poceza ndi anthu a m'midzi ya m'munsi, pakuti kwa ena a iwo malo amene iye alinkukajambula ndiwo mabwinja ndi manda a makolo ao.

Kuno ndiko koyenda pansi. Zirombo zoopsya si zambiri monga ku Luangwa, ngakhale anyalugwe ndi afisi alipo, ndipo njobvu ndi njati zipezeka m'zigawo za m'munsi. Coopsya ceni-ceni ca pa Nyika ndico nkhungu. Dzuwa lingawale bwino m'mawa, koma pasanapite nthawi nkhungu ifika ngati utsi, nikwirira zitunda zonse; ndipo popeza citunda ciri conse cifanana ndi cinzace, munthu wosadziwa dzikolo angazungulire malo amodzi kufikira usiku, cisanu ndi kumpeza ali ndi malaya amodzi. Ici ndico cifukwa cace ulendo wautali ufuna mlonda wa nkhalango wotsogolera njira. Ulendo wochuka kopambana ndi wa masiku atatu, wocokera ku Chelinda kutsikira ku Livingstonia, kumene nyanja ioneka m'munsi.

Nyama za pa Nyika ndizo mbidzi, nchefu, cilembwe, mphoyo, mbawala ndi njiri. Kuziona nkwapafupi, cifukwa palibe cozibisa. Kuziyandikira ndiko kubvuta, pakuti munthunso alibe pobisala. Wojambula wanzeru sayenda pamsana pa citunda, pamene thupi lace lioneka bwino-bwino pa thambo. Ayenda m'mbali mwace, mphepo ilikumuomba kumaso, kuti pfungo lace lipite kumbuyo. Alenje a kale anali kunyamula phulusa m'kansaru ndi kuligwedeza kuti aone kumene mphepo ilowera, ndipo nzeru imeneyo sinakalambe. Sayenda molunjika kumene kuli nyama. Apita campheepete ngati munthu wa ulendo wace, naima, nakhala pansi. Mbidzi ziri ndi cidwi. Zikaona kuti cinthu cija cakhala cete, kawiri-kawiri ziima ndi kuceuka zonse pamodzi, makutu ali chire, ndipo nthawi yace yojambula ndi yomweyo. Nchefu ndiyo yamantha. Ingakhale nyama yaikuru ngati ng'ombe, ithawa munthu akali kutali, ndipo wofuna cithunzithunzi cace acita bwino kuidikira pa dambo m'malo moitsata. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Za kamera zikwanira zowerengeka. Kuwala kwabwino ndi kwa m'mawa dzuwa litangoturuka ndi kwa madzulo lisanalowe. Masana dzuwa liri pamutu, mthunzi ugwa pa nkhope ya nyama, ndipo cithunzithunzi cituruka couma. Wojambula aloza pa diso la nyama, pakuti diso likaoneka bwino zotsalazo anthu sazifunsa. Kuzizira kumatha batire msanga, cotero pa Nyika yapadera aisunga m'thumba la malaya a m'kati, pafupi ndi thupi. Pfumbi ndilo mdani wa kamera m'cilimwe, ndipo kusintha galasi lace mphepo ilikuomba ndiko kuliitana.

Kucoka pa Nyika mseu utsikira kumwera kufikira ku Lilongwe, nupotolokera kumadzulo kudzera pa Mchinji. Pa malire afuna pasipoti ndi makalata a galimoto, ndipo woyenda yekha aima yekha pa mzere uli wonse. Patsogolo pang'ono pali Chipata, ndipo kucokera pamenepo mseu utsika m'cigwa kufikira ku Mfuwe, pa mlatho wolowera m'nkhalango ya South Luangwa. Wolankhula Cinyanja sakhala mlendo weni-weni kumeneko, pakuti Akunda a m'cigwaco amvana naye bwino.

Mbiri ya malowa iyenera kukambidwa. M'caka ca 1950 Norman Carr, amene anali wa nchito yoyang'anira nyama, anapangana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti ipatule cigawo ca dziko lace cikhale cosungiramo nyama, ndi kuti alendo abwere kudzaona nyamazo, ndalama zao ndi kupita kwa eni dziko. Masiku amenewo ambiri anali kuyesa kuti nyama ya m'chire ipindulitsa ikafa basi. Carr yemweyo ndiye anachukitsa maulendo oyenda pansi pakati pa nyama, amene alendo a maiko akutali afikira nao ku Luangwa kufikira lero. South Luangwa inakhala nkhalango ya Boma m'caka ca 1972, ndipo kukula kwace ndi masikweya kilomita 9,050.

Pano woyenda yekha aleka kukhala yekha, afune asafune. M'galimoto mwace aloledwa kuyenda m'miseu ya m'nkhalango masana, koma kuyenda pansi aloledwa pokha-pokha ali ndi mtsogoleri wa ciphaso ndi mlonda wa mfuti. Lamuloli si la cabe. Ayenda mondondozana, mlonda patsogolo, osalankhula mokweza, ndipo cimene mlendo auzidwa poyamba ndi cakuti cikacitika ciri conse asathamange. Mkango ukaona cinthu cothawa uciyesa nyama. Njobvu yotambasula makutu, yopukusa mutu ndi kulira, kawiri-kawiri ingocenjeza. Koma imene ibwera osapfuula, mutu uli pansi, citamba citapindidwa, yatsimikiza. Kusiyanitsa ziwirizi ndi nchito ya mlonda amene wakhala zaka m'chire, si ya mlendo wa masiku atatu. Njati yamphongo yokalamba, imene yacoka m'gulu nigona yokha m'bango, iopsya kuposa gulu lonse. Mvuu idya msipu kumtunda usiku, ndipo munthu woima pakati pa iyo ndi madzi waima pa njira yace yothawira. Za ng'ona omvera a m'mbali mwa Shire ndi Zambezi sasowa wowauza.

Cimene mlendo apeza posinthana ndi ufulu wacewo ndi cacikuru. Ali m'galimoto munthu aona nyama. Ali pansi aphunzira kuwerenga dothi. Mtsogoleri amuonetsa phazi la nyalugwe, limene lilibe zikhadabo, ndi la fisi, limene liri nazo. Ndowe zoyera za fisi, zoyera cifukwa ca mafupa amene adya. Ndi njira za mvuu za mizere iwiri zoturuka mumtsinje. M'cigwaci muli nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft, amene sapezeka kwina kuli konse, ndi nyumbu za mtundu wa Cookson. M'miyezi ya September ndi October, madzi atacepa, mvuu ziunjikana mazana m'maiwe otsala, ndipo mbalame zofiira zodya njuci zikumba mauna ao m'magombe a mtsinje. Cimene mlendo sadzaona ndi cipembere. Kale zinalimo zambiri, koma opha nyama mobisa anazitha, ndipo m'caka ca 1998 kunalengezedwa kuti cipembere cakuda catha m'Zambia monse. Zimene zilipo tsopano ku North Luangwa anayamba kuzibweretsa kucokera ku South Africa m'caka ca 2003.

Kuli kanthu kena kakang'ono kamene alendo ambiri sakasamala, ndiko kashembe. Nchenche imeneyi ikonda nsaru zakuda ndi zobiriwira ngati thambo, nitsata galimoto yoyenda. Cotero zobvala zabwino ndi za maonekedwe a dothi, ndipo podutsa m'mitengo yowirira mazenera akhale otseka. Si kashembe ali yense amene apatsa matenda, koma wina anyamula kaodzera. Mtundu wa kaodzera wa maiko ano unazindikiridwa m'caka ca 1910 m'mwazi wa munthu amene analumidwa m'cigwa comweci ca Luangwa, ndipo matendawa apezekanso m'boma la Rumphi, kufupi ndi Vwaza. Munthu akatentha thupi atabwera ku malo otere, auze dokotala kumene anali, cifukwa poyamba kaodzera afanana ndi malungo, ndipo wocedwa kulandira mankhwala afa nako.

Cigawo cotsiriza ca ulendo ndi ca mseu wautali: kubwerera ku Chipata, kutsata Great East Road kufikira ku Lusaka, ndi kupitirira kumwera mpaka ku Livingstone. Ndi masiku awiri kwa munthu wopanda womlandira ciongolero, ndipo kuyenda usiku pa mseu umenewu ndi kupusa. Pa Victoria Falls aoloka Zambezi pa mlatho umene unatsegulidwa m'caka ca 1905, nalowa m'Zimbabwe.

Hwange, imene omvera acikulire aidziwa ndi dzina la kale lakuti Wankie, iposa nkhalango zina ziwiri zija kukula, pakuti ipitirira masikweya kilomita 14,600. Mbali yace yaikuru ndi mcenga wa Kalahari, wopanda mtsinje woyenda caka conse. Pamene Ted Davison anafika m'caka ca 1928 kudzakhala woyang'anira woyamba, nyama zinali kucoka m'cilimwe kukafuna madzi kwina. Iye anayamba kukumba zitsime ndi kupopera madzi m'maiwe, ndipo njobvu zinacuruka kufikira zikwi makumi angapo. Nzeruyo inabala mlandu wace: mitengo yozinga maiwe yatha ndi njobvu, ndipo caka ca cilala mpope umodzi ukaonongeka nyama zifa zambiri.

Kwa wojambula, Hwange ndi malo okhala pansi. Munthu saturuka m'galimoto koma pa malo oikika, ndipo ayenera kukhala atafika pa msasa dzuwa lisanalowe. Pa dziwe la Nyamandhlovu, kufupi ndi Main Camp, pali nsanja yokwerapo alendo. Wojambulira m'galimoto azima injini kuti kamera isanjenjemere, naika kathumba ka nyemba pa zenera kuti atsamiritsepo galasi. Madzulo njobvu zifika mabanja-mabanja, zazikazi zazikuru patsogolo, ana pakati, ndipo nyama zina zidikira patali kufikira zitamwa. Pamenepo munthu amene anayamba ulendo wace pa Nyika ayang'ane bwino mbidzi. Za pa Nyika ndi za ku Luangwa ziri ndi mizere yopyapyala, yothinana, yakuda ndi yoyera basi. Za ku Hwange mizere yace ndi yaikuru, ndipo pa matako, pakati pa mzere wakuda ndi unzace, pali kamzere kena kotuwa.