Kodi mumadziwa kuti matope amasanduka mwala?

Thanthwe limaoneka ngati silingathe, koma nalonso limatha. Dzuwa likalitentha masana, usiku n'kuzizira, limayamba ming'alu. Mizu ya mitengo imalowa m'ming'alumo, mvula n'kumakokolola zidutswa zake. Madzi ofiira amene mumaona mumtsinje nthawi ya dzinja amakhala atasenza mapiri operepeseka, kupita nawo kunyanja.

Madziwo akafika podekha, katundu wawo amadikha pansi motsatana: nsangalabwi poyamba, kenako mchenga, pomaliza matope osalala. Masamba, zigoba za nkhono ndi mafupa zimakwiririka momwemo. Pakapita zaka mamiliyoni, kulemera kwa zimene zaunjikana pamwamba kumafinya madzi, timibulu tija n'kumatirirana mpaka kukhala mwala wa mizeremizere.

Umu ndi mmene anapangikira malasha a ku Mchenga, m'boma la Rumphi: ndi zomera za m'madambo zomwe zinakwiririka zisanaole, zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo.

Ku Karonga, miyala ya mtunduwu inasunga mafupa a Malawisaurus, chinyama cha khosi lalitali chomwe chinkadya zomera. Chinapatsidwa dzinali mu 1993, ndipo chithunzithunzi cha mafupa ake chaimikidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga. M'boma lomwelo, ku Uraha, mu 1991 kunapezeka nsagwada ya munthu wamakedzana, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, mano ena akadali m'malo mwake.