Kachipangizo kamene kamalondera katemera wa mwana wanu mufuliji

Mukapita ndi mwana kusikelo, chomwe mumaona ndi jakisoni basi. Koma kuti katemerayo ateteze mwana wanu, amayenera kukhala pozizira bwino kuyambira kufakitale mpaka tsiku lobayalo. Kuchipatala, akatemera ambiri amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8.

Kutentha kumafooketsa katemera, makamaka wa poliyo wodonthezera m'kamwa. Kuzizira kopyola muyezo nakonso n'koopsa. Katemera wa kafumbata ndi wa pentavalent akaundana ngati ayezi, mphamvu yake imachepa ndipo sibwerera ngakhale asungunuke.

N'chifukwa chake mufuliji ya katemera amaikamo kachipangizo koyeza kutentha usana ndi usiku, n'kumasunga zonse kwa masiku 30. Choyezera wamba chimangosonyeza mmene zilili panthawi yomwe munthu wayang'ana. Magetsi atathima usiku n'kuyakanso m'bandakucha, namwino akhoza kupeza madigiri 5 m'mawa, osadziwa kuti fuliji inatentha kwa maola angapo. Kachipangizoka kamaulula zimenezo.

Sikuti kamachenjeza pa kalikonse. Chitseko cha fuliji chikatsegulidwa kwa mphindi zochepa, kutentha kumakwera pang'ono kenako n'kutsikanso, ndipo apo palibe vuto. Potsatira muyezo wa bungwe la WHO, chenjezo limabwera kutentha kukapyola madigiri 8 kwa maola 10 osalekeza, kapena kuzizira kukafika pansi pa madigiri -0.5 kwa ola lathunthu. Zipangizo zina zamakono zili ndi SIM khadi, moti zimatumiza uthenga pafoni ya woyang'anira.

Komabe manambala paokha sapulumutsa katemera. Ogwira ntchito amayenera kuwawerenga kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, kuwalemba papepala, ndiponso kusamutsira katemera kumalo ena ozizira fuliji ikafa.

Palinso chizindikiro chomwe inuyo mungachione. Mabotolo ambiri a katemera ali ndi kachizindikiro kozungulira, ndipo mkati mwake muli kabokosi kowala. Kabokosiko kamada pang'onopang'ono botolo likamakhala potentha. Kakafanana mtundu ndi chozunguliracho, kapena kuda kuposa pamenepo, katemerayo sayenera kugwiritsidwa ntchito. Dziwani kuti chizindikirochi chimangoonetsa za kutentha, osati za kuundana.

Ngati muli ndi nkhawa, pemphani namwino kapena mlangizi wa zaumoyo akuonetseni botololo asanabaye mwana.