Mzere wa nkhwani ndinaupereka kwa agulugufe

Amayi anga ku Dedza sanamvetse. Ndinkawaonetsa dimba langa pa WhatsApp, iwo n'kuyandikitsa nkhope pafoni. "Mwana wanga, mzere uwo wadzalamo chiyani? Si paja panali nkhwani?" Ndinawauza kuti ndadzala chomera choti mbozi zizidya. Anayamba akhala chete, kenako anaseka mpaka kutsokomola. "Ife kuno tikulira ndi ntchemberezandonda m'chimanga, iwe uko ukulimira mbozi? Kodi ntchito yausikuyo sinakuzunguze mutu?"

Sindikanawatsutsa. Tonse tinakula tikudziwa kuti dimba ndi la ndiwo. Nditapeza kanyumba kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, kamalo konse kakuseri ndinadzalapo mpiru, bonongwe ndi maungu. Zinasintha zaka zitatu zapitazo, mwana wanga wamkazi atabwera kusukulu ndi kaenvelopu ka njere za milkweed. Aphunzitsi anawauza kuti popanda chomera chimenechi, gulugufe wotchedwa monarch adzatha.

Monarch ndi gulugufe wamkulu, wa mapiko ofiirira ngati lalanje, okhala ndi mizere yakuda ndi timadontho toyera m'mphepete. Amaikira mazira pa milkweed pokha, ndipo mbozi zake sizidya tsamba lina lililonse. Dzira limaswa pakatha masiku 3 mpaka 5. Mbozi imadya pafupifupi masabata awiri, kenako imadzitsekera m'chikwa chobiriwira kwa masiku 10 mpaka 14 isanatuluke ndi mapiko.

Chodabwitsa ndi ulendo wawo. Chisanu chikayandikira, agulugufewa amanyamuka kumpoto kwa America ndi ku Canada kupita kumapiri a Michoacán ku Mexico, ena kuuluka makilomita oposa 4,000. Amafika kumayambiriro a Novembala n'kuunjikana m'mitengo ya oyamel mpaka nthambi kuwerama. Nkhalango imeneyi UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2008. Kumeneko amawawerenga poyeza kukula kwa malo amene aphimba. M'nyengo yozizira ya 1996 mpaka 1997 anaphimba mahekitala oposa 18, koma mu 2023 mpaka 2024 sanakwane ndi hekitala imodzi yomwe.

Chimodzi mwa zifukwa zake ndimachiona ndikamapita kuntchito, podutsa m'minda ikuluikulu ya chimanga ndi soya. Kale milkweed inkamera yokha m'mizere ya minda imeneyi. Alimi atayamba kudzala mbewu zopirira mankhwala opha udzu a glyphosate kumapeto a zaka za m'ma 1990, minda inayera mbee, milkweed n'kuthera pomwepo. N'chifukwa chake kamzere ka kuseri kwa nyumba kali ndi ntchito masiku ano.

Chaka choyamba ndinalephera. Ndinafesa mu Meyi, monga ndimachitira ndi mpiru, ndipo sipanamere kanthu. Njere za milkweed zimafuna kuzizidwa kaye. Muzifese mu Okutobala kapena Novembala kuti zigonere chisanu m'nthaka, apo ayi muzikulunge m'kapepala konyowa n'kuziika mufiriji masiku 30. Ngati malo anu ndi ochepa, funsani swamp milkweed kapena butterfly weed, chifukwa common milkweed imayanga ndi mizu mpaka kulowerera m'ndiwo. Tropical milkweed, yomwe imakongola m'masitolo, akatswiri ambiri amaletsa chifukwa kumadera otentha simafota ndipo imasunga tizilombo todwalitsa agulugufe. Pambali pake dzalani maluwa akutchire monga coneflower, aster ndi goldenrod, kuti gulugufe wamkulu apeze timadzi, makamaka mu Seputembala akamasonkhanitsa mphamvu za ulendo. Mankhwala ophera tizilombo musapoperepo. Masamba akadyedwa mpaka kutsala mapesi, musadandaule, ndiye kuti alendo afika.

Ndilankhuleko ngati nesi. Mukathyola tsamba pamatuluka utomoni woyera ngati mkaka. Utomoniwu uli ndi poizoni wa gulu limodzi ndi digoxin, mankhwala a mtima amene m'wodi timapereka titayamba tawerenga kugunda kwa mtima wa wodwala. Ukalowa m'maso umawotcha koopsa. Valani magolovesi, sambani m'manja, ndipo ana aang'ono asamaseweretse. Mbozi zimasunga poizoniyu m'thupi, moti mbalame ikadya imasanza n'kulapiratu. Ndiye abale anga okonda mphalabungu, izi si ndiwo ayi.

Ndimagwira shifiti ya maola 12, ndipo usiku wina umandithera ndi maliro. Kale ndikafika kunyumba ndinkangodziponya pabedi ndi mutu wodzaza ma alamu a m'wodi. Tsopano m'chilimwe ndimayamba ndakhala pakhonde lakuseri mphindi 10, kapu ya tiyi m'manja, mwana wanga akutembenuza masamba kuwerenga mazira. Tulo timabwera bwino.

M'mawa wina ali pantchito yakeyo anandifotokozera zimene anaphunzira. Agulugufe a m'chilimwe amakhala moyo masabata ochepa chabe. Amene anachoka ku Mexico mu Malichi amafera m'njira, ana awo n'kupitiriza, mpaka mibadwo itatu kapena inayi. M'badwo womaliza ndi umene umakhala mpaka miyezi 8 n'kubwerera kumapiri kuja, kumene sunapondeko chibadwire. Umayendera dzuwa, mothandizidwa ndi kawotchi kam'thupi kamene kali m'tinyanga take. Kenako anandifunsa m'Chingerezi ngati iyenso angathe kufika yekha kwa agogo ake.

Ndinasowa choyankha. Mwanayu ali ndi zaka 12, kumudzi anapitako kamodzi ali kumsana, ndipo Chichewa chake chimathera pa "zikomo" ndi "ndakhuta". Gulugufe amabadwa ndi njira yakwawo m'thupi, koma ana athu ayi. Tikapanda kuwauza dzina la mudzi, la mfumu, la mtsinje umene tinkatungako madzi, sadzazipeza m'magazi. Ife timangoti adzadziwa akadzakula, kwinaku tikuthamangira ovataimu.

Kuyambira tsiku limenelo, m'dimba timalankhula Chichewa chokha. Tsamba, muzu, dzira, mbozi, chikwa. Amalakwitsa, ndimaseka, amakwiya, timapitiriza. Lamlungu lapitali anawaimbira yekha agogo ake n'kuwauza kuti, "Agogo, mbozi zanga zilipo seveni." Amayi anamukonza kuti zisanu ndi ziwiri, n'kumubwerezetsa katatu.

Atamaliza anandiitanitsa pafoni. "Udzu wakowo usauzule," anatero. "Koma nkhwani upezere pena. Mwanayo asamangodziwa za agulugufe, azidziwanso kusadzula."