Kuchepetsa Nsima ku Mbare ndi ku Mabvuku: Vuto Limabwera Pambuyo

Kuyamba n'kosavuta. Munthu akauzidwa kuchipatala kuti ali ndi matenda a shuga, amabwerera kunyumba atalumbira kuti nsima, buledi ndi mpunga watsanzikana nazo. Masabata oyamba sikelo imatsika msanga, koma zambiri zimene zachokazo ndi madzi amene thupi limasunga pamodzi ndi shuga m'chiwindi ndi m'minofu. Kenako sikelo imaima, changu chimazirala, pamene mphika wa nsima ukuwirabe madzulo aliwonse.

Kadyedwe kameneka sikachilendo. William Banting wa ku London analemba kabuku kake mu 1863, ndipo pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town anakatchukitsanso kummwera kuno ndi buku la mu 2013. Komatu mbale ya m'buku la Noakes ndi ya nyama, tchizi ndi batala. Mayi wochita lendi chipinda chimodzi ku Mufakose kapena ku Dzivaresekwa mumzinda wa Harare, amene magetsi amamuthimira tsiku lonse, nyamayo aigula ndi chiyani, nanga aisunga pati? Ambiri amene amasiyira panjira sikuti ndi ofooka mtima. Anangotengera ndondomeko ya anthu a thumba lina.

Ndipo kusiyiratu sikofunika. Madokotala amati munthu wachepetsa ngati zakudya zosanduka shuga m'thupi sizipitirira magalamu 130 patsiku. Ufa wa chimanga wa magalamu 100 uli ndi magalamu oposa 70 a sitachi, choncho mtanda umodzi waung'ono madzulo ukhoza kukwanamo. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Stanford wa mu 2018, pa anthu 609, anapeza kuti patatha chaka ochepetsa zakudya zimenezi ndi ochepetsa mafuta anaonda pafupifupi mofanana. Phindu lili pa kadyedwe kamene munthu angakhale nako zaka.

Chimene chimasintha ndi kaikidwe ka m'mbale: ndiwo zichuluke, nsima ichepe. Apa Mbare Musika ndi bwenzi. Kuli repu, kovo, mpiru, kabichi, nkhwani ndi therere. Kuli matemba a ku Kariba, mphalabungu zouma ndi mfutso, zimene sizifuna filiji. Mazira, nsinjiro ndi mapeyala pa nyengo yake zimakhalitsa m'mimba, moti njala ya masana siikukokerani ku mabanzi. Nyemba ndi nzama zili ndi sitachi ndithu, koma zimakweza shuga pang'onopang'ono. Musanyengeke ndi nsima ya mawere kapena mapira, imene yatchuka masiku ano. Ndi yabwino kuposa ya ufa woyera, koma nayonso ndi nsima, ndipo mitanda itatu ndi mitanda itatu basi.

Mdani wobisika ali m'kapu: tiyi wa masipuni anayi, maheu a m'sitolo, zakumwa zoziziritsa kukhosi, chibuku cha Loweruka. Boma la Zimbabwe linaika msonkho pa shuga wa m'zakumwa mu 2024. Amene wagonjetsa kapu wayenda kale mtunda wautali asanakhudze nsima.

Chovuta kwenikweni ndi anthu. M'mabanja ochokera ku Malawi amene akhala ku Mabvuku ndi Highfield kuyambira nthawi ya chitaganya, kukana nsima pamaliro kapena kwa apongozi kumaoneka ngati mwano. Munthu akaondanso, anthu amayamba kunong'onezana kuti akudwala. Nzeru ndi kuuza a m'nyumba chifukwa chake poyera, kulandira mbale ndi manja awiri, kutema pang'ono, n'kudya ndiwo. Mukadya mopyola paukwati, mawa lake bwererani pa muyeso wanu osadzilanga ndi njala.

Chenjezo limodzi lokha. Ngati mumabaya insulini kapena kumwa glibenclamide, kuchepetsa nsima mwadzidzidzi kukhoza kugwetsa shuga mpaka kukomoka. Amayi oyembekezera ndi odwala impso nawonso asayambe okha. Pitani kaye kukiliniki ya m'dera lanu akakuyezeni ndi kukonzanso mlingo wa mankhwala.