"Kugawa" sikukwanira: mneni woyenera pokamba za RAM ndi ma core

Olemba malangizo a kompyuta m'Chichewa amakonda kunena kuti "gawani RAM ndi ma core". Vuto ndi lakuti mneni mmodziyu akuphimba zinthu ziwiri zosiyana, ndipo wophunzira akamutsatira bwinobwino, kompyuta yake itha kuuma.

Virtual machine, kapena VM mwachidule, ndi kompyuta yokhala m'kati mwa kompyuta inzake kudzera m'pulogalamu ngati VirtualBox kapena KVM. RAM imene mwaipatsa ili ngati ndime za pa siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi ku Chitala, ku Salima: ndime ikapatulidwira mtundu wina wa mtedza, mtundu wina sungadzalidwe pomwepo chaka chimenecho. Mneni wake apa ndi "kupatula". Pa laputopu ya 8GB, Windows 11 ya mu VM imafuna 4GB kapena kuposa, ndiye kompyuta yeniyeniyo yatsala ndi 4GB. Mukapatula 7GB, mwini nyumbayo amasowa pogona, amayamba kutaya katundu wake pa disiki, ndipo disiki ndi yochedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM. Zonse zimangoti zii. Ilipo njira yotchedwa ballooning yobwezera RAM yongokhala, koma ngati mukuyamba kumene, musaidalire.

Ma core ndi nkhani ina. Ali ngati mjigo: palibe amauzula kupita nawo kwawo, anthu amalandizana. Mukapatsa VM ma core 2, simunawachotse pa kompyuta, mwangoipatsa malo awiri pamzere. N'chifukwa chake pa seva ma core olonjezedwa kwa ma VM atha kuposa ma core enieni, bola onse asatanganidwe nthawi imodzi. Apa ndiye "kugawa" kumasocheretsa kwenikweni, poti munthu amaganiza kuti gawo likakula, liwiro lakulanso. Ayi ndithu. VM yopatsidwa ma core ochuluka pa kompyuta yodzaza kale nthawi zina imachedwa, chifukwa nthawi yambiri imathera podikira pamzere. Yambani ndi 2, amenenso ndi ochepetsetsa omwe Windows 11 imalola, muonjezere mukaona kuti akupanikizikadi.

Ine ndingakonde tizilemba kuti "patulirani VM 4GB" komanso "VM izilandizana ma core 2 ndi kompyuta". Mwina wina anganene "kubwereka", koma mawuwa sakundikhutiritsa. Chobwereka chimakhala m'manja mwako mpaka utabweza, pomwe core imasintha manja kambirimbiri pa sekondi imodzi.