Kapu si sikelo: kuyeza chakudya chophikira anthu ambiri

Aliyense amene anakhalapo m'komiti yophika pa maliro, pa ukwati kapena pa sukulu ya mkombaphala kuno ku Ngabu amalidziwa vutoli. Anthu amasonkha ndalama, chakudya chimagulidwa pa makilogalamu, koma pofika pa mafuwa amayi amayeza ndi kapu. Chakudya chikaperewera, ena amabwerera ndi njala ndipo msungichuma amayamba kukayikiridwa, pamene cholakwika ndi muyeso chabe.

Gwero lake ndi lakuti kapu imayeza malo amene chakudya chatenga, pomwe sikelo imayeza kulemera kwake. Madzi ndiwo amagwirizanitsa miyeso iwiriyi mosavuta, popeza lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi. Zakudya zouma zimasiya mipata ya mpweya pakati pake, ndipo mipatayo imasiyana.

Tiyeni titenge kapu ya mamililita 250, imene imadzaza lita ikathiridwa kanayi. Mpunga wosaphika wodzaza kapuyi umalemera pafupifupi magalamu 200. Ufa wa mgaiwa umakhala pafupi ndi magalamu 150, ndipo umasintha malingana ndi kutsendera. Makaroni, poti ndi obooka m'kati, amangopitirira pang'ono magalamu 100. Kapu ndi yomweyo, koma makaroni alemera theka la mpunga. Supageti sayezeka n'komwe ndi kapu, choncho ndi bwino kudalira kulemera kolembedwa pa paketi.

Tiyerekeze kuti mukuphikira anthu 60, aliyense magalamu 100 a chakudya chosaphika. Pakufunika makilogalamu 6. Ukakhala mpunga, ndi makapu 30. Akakhala makaroni, ndi makapu oyandikira 60, kapena mapaketi 12 a magalamu 500, kapenanso 15 a magalamu 400. Wophika amene angathire makapu 30 a makaroni potengera chizolowezi cha mpunga adzadyetsa theka lokha la alendo. Kumbukiraninso kuti ziwerengerozi ndi za chakudya chouma, chifukwa chikapsa chimamwa madzi n'kulemera kuposa kawiri.

Njira yothetsera vutoli siyofuna ndalama. Komiti isankhe kapu imodzi ndi ndowa imodzi, ipite nazo pa msika wa Ngabu kwa wamalonda wa sikelo yodalirika. Yambani mwayeza chiwiyacho chili chopanda kanthu, kenaka mudzaze chakudya n'kusalaza pamwamba, osati kuunjika. Chotsanipo kulemera kwa chiwiya, ndipo chotsalacho mulembe m'kaundula wa komiti. Chitani zimenezi pa mpunga, ufa, nyemba, mapira ndi makaroni, chilichonse pachokha. Mukatero, amene adzaphike mawa sadzafunikanso kulota.

Phunziroli ndi lothandizanso pogulitsa zokolola. Ndowa ya malita 20 yosalaza imalowa chimanga cha makilogalamu 14 kapena 15, osati 20 monga ena amaganizira, ndipo ndowa youmbidwa mokulitsa kapena yodzazidwa mpaka kusefukira imabera mlimi mwakachetechete. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo lili ndi udindo woyesa ndi kutsimikiza masikelo a malonda m'dziko muno, kotero ndi ufulu wanu kufunsa ngati sikelo inayesedwa.

Tikupempha makomiti a chitukuko a m'midzi kuti akambirane nkhaniyi pa misonkhano yawo. Muyeso wodziwika kwa onse umateteza chakudya, ndalama za gulu ndi mbiri ya amene tawasungitsa chuma chathu.